Kodi khansa ya kummero imayamba ndi kachirombo?

Khansa ya kummero siibwera ndi phokoso. Munthu amangoona kuti mbamu ya nsima ikuima pachifuwa, mpaka amwere madzi ndiye itsike. Pakapita masabata amasiya nyama ndi chinangwa, kenako nsima yomwe, n'kutsala ndi phala. Phalalo amalisukuluza mpaka kukhala madzimadzi. Pamapeto ngakhale malovu amakana kutsika, moti wodwala amagona ndi kachitini kolavuliramo pambali pa mphasa. Pofika ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe kapena UTH ku Lusaka, chotupa chimakhala chitatseka kale njira ya chakudya, yomwe ndi paipi ya masentimita pafupifupi 25 yochoka pansi pa khosi kukafika m'chifu. Madokotala akakhala ndi zida amalowetsa kapaipi kachitsulo kuti munthu amezeko phala, koma odwala ambiri samaliza chaka.

Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi ya WHO yofufuza za khansa, linawerengera kuti mu 2020 anthu pafupifupi 604,000 pa dziko lonse anapezeka ndi khansa imeneyi ndipo 544,000 anafa nayo. Chodabwitsa ndi momwe matendawa amasankhira malo. Pali mzere wina wochokera kumpoto kwa Iran, kudutsa pakati pa Asia, kukafika kumapiri a Taihang ku China. Mzere wachiwiri ndi wathu: Ethiopia, Kenya, Tanzania, Malawi, Zambia, Mozambique mpaka ku Eastern Cape ku South Africa. Dziko la Malawi limakhala pamwamba kapena pafupi ndi pamwamba penipeni pa mndandanda wa dziko lonse, pomwe kumadzulo kwa Africa, ku Nigeria kapena Ghana, matendawa ndi osowa. M'madera onse a mizere iwiriyi, pa odwala khumi, pafupifupi asanu ndi anayi amakhala ndi mtundu umodzi wotchedwa squamous, woyamba m'khungu lopyapyala lokuta mkati mwa njirayo.

Khansa ikamakonda dera chonchi, madokotala a mu Africa amakumbukira Denis Burkitt. Mu 1958 dokotala ameneyu ali ku Uganda analemba za chotupa cha m'nsagwada za ana, kenako n'kuona kuti chimapezeka m'madera otentha ndi a mvula yambiri okha. Mapu ake ndi amene anachititsa Anthony Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong kufunafuna kachirombo m'maselo a chotupacho, ndipo mu 1964 anakapeza: vayirasi ya Epstein-Barr. Zitatero mavayirasi ena anayamba kugwidwa. Hepatitis B ndi C amawononga chiwindi mpaka khansa. Vayirasi yoyambitsa Kaposi sarcoma inadziwika mu 1994. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi HPV. Tsono taonani khansa zodzaza mawodi a ku Malawi: ya khomo la chiberekero, Kaposi, Burkitt mwa ana, ndi ya kummero. Zitatu zoyambazo zonse zili ndi vayirasi kumbuyo kwake. Munthu woganiza bwino sangalephere kukayikira kuti yachinayi nayo ili ndi yake. Ndipo chiyembekezo chake n'chokoma, poti vayirasi ikadziwika, katemera amatheka.

Woyamba kuloza chala anali Kari Syrjänen, katswiri woyeza minofu ya odwala wa ku Finland. Mu 1982 analemba kuti m'mbali mwa zotupa zina za kummero akuona maselo opindika mofanana ndi a njerewere zakumaliseche, zomwe zimayamba ndi HPV. Nthawi yake inali yomukomera. Chaka chotsatira gulu la Harald zur Hausen ku Germany linapeza HPV 16 m'khansa ya khomo la chiberekero, mu 1984 linapeza HPV 18, ndipo ntchitoyi inadzamupatsa zur Hausen mphoto ya Nobel mu 2008. Khungu la mkati mwa njira ya chakudya ndi la mtundu womwewo wa khungu la pakhomo la chiberekero. Pambuyo pake zinatsimikizikanso kuti HPV 16 imayambitsa khansa ya ma tonsil ndi ya patsinde la lilime, malo omwe ali pamwamba pang'ono chabe. Ngati kachiromboka kamakhala m'kamwa, n'chiyani chingakaletse kutsika ndi malovu?

Ng'ombe nazonso zinaikira umboni. Kumapiri a kumadzulo kwa Scotland, William Jarrett ndi anzake a ku Glasgow anaona m'zaka za m'ma 1970 kuti ng'ombe zimachita njerewere m'njira ya chakudya chifukwa cha vayirasi yapachibale ndi HPV, yotchedwa BPV-4. Mwa ng'ombe zambiri njerewerezo zimatha zokha. Koma mwa zomwe zimadya chomera chotchedwa bracken, chomwe chili ndi poizoni wofooketsa chitetezo cha thupi ndi wowononga majini, njerewere zimachuluka n'kusanduka khansa. Ichi chinali chithunzi chokopa kwambiri: vayirasi payokha siikwanira, koma ikakumana ndi chakudya choipa, ngozi imachitika.

Kuyambira pamenepo ma labotale ambirimbiri anayamba kuyeza zotupa za anthu. Zotsatira zake zinali chisokonezo. Ena sankapeza HPV ngakhale m'chotupa chimodzi, ena ankaipeza mwa magawo 20 kapena 40 pa 100 alionse, ena pafupifupi mwa zonse. Nthawi zina magulu awiri oyeza odwala a chigawo chimodzi cha ku China ankabweretsa mayankho otsutsana. Mu 2013 ofufuza a ku Australia anasonkhanitsa kafukufuku wambiri wa mtunduwu, n'kuwerengera kuti HPV imachulukitsa chiopsezo pafupifupi katatu. Nambala imeneyi imatchulidwabe mpaka lero, koma ine siindikhutiritsa. Kuphatikiza miyeso yokayikitsa makumi awiri sikubala muyeso umodzi wolondola, kumangopatsa cholakwikacho maonekedwe a ulemu. Tikayerekeza ndi khansa ya khomo la chiberekero, nkhani ndi ina: kaya muyeze ku Lilongwe, ku Lima kapena ku London, HPV imapezeka pafupifupi m'zotupa zonse.

Gwero la chisokonezocho lili m'kayezedwe. Njira ya PCR, yomwe ambiri tinaidziwira pa Covid-19, imachulukitsa kachidutswa kochepetsetsa ka DNA mpaka kaoneke. Mphamvu yakeyo ndiyo msampha wake. Taganizani ulendo wa kanyama kotapidwa pa chotupa. Kamera yolowa kummero imadutsa m'kamwa ndi pakhosi, pomwe HPV ingakhale ili phee osavulaza munthu. Kanyamako kakafika ku labotale amakaumitsa m'phula, n'kukadula tizigawo topyapyala ndi lumo la makina. Makina omwewo m'mawa mwake angakhale atadula kanyama ka pakhomo la chiberekero kodzaza ndi HPV. Lumo likapanda kusinthidwa, kapena magolovesi, kapena madzi oyandamitsirapo tizigawoto, PCR idzanena kuti vayirasi ilipo, ndipo siidzakhala ikunama: DNA ilipodi, koma si ya wodwalayo. Palinso nkhani ya maselo a HeLa, omwe anatengedwa mu 1951 pa khansa ya khomo la chiberekero ya Henrietta Lacks ku Baltimore. Maselowa ali ndi HPV 18 mkati mwawo, amaswana mwamphamvu, ndipo alowerera m'mabotolo a ma labotale ambiri pa dziko lapansi. Mtundu wina wa maselo womwe unkasungidwa ngati wa khansa ya kummero, wotchedwa Eca-109, unadzapezeka kuti ndi HeLa. Amene anapezamo HPV 18 anali kuyeza khomo la chiberekero osadziwa.

Ngakhale DNA itakhala ya wodwalayo, mlandu sunathe. Pabwalo la mfumu, munthu sagamulidwa kuti waba mbuzi chifukwa anamuona akudutsa pafupi ndi khola. Pamafunika chingwe m'manja mwake kapena chikopa kuseri kwa nyumba yake. Ndipo HPV ikapalamuladi imasiya zizindikiro zodziwika bwino. Thupi lili ndi mapuloteni awiri olondera selo, p53 ndi Rb, omwe amaimitsa kapena kupha selo lomwe layamba kugawikana molakwika. HPV imapanga mapuloteni ake awiri, E6 wophwanya p53 ndi E7 womanga manja Rb. Choncho m'chotupa choyambitsidwa ndi HPV majini a E6 ndi E7 amapezeka akugwira ntchito, puloteni ina yotchedwa p16 imachuluka, vayirasi imakhala m'selo lililonse la khansa, ndipo nthawi zambiri m'magazi a wodwala mumakhala asilikali olimbana ndi E6.

Ofufuza atayamba kufunsa mafunso amenewa, mlandu unayamba kugwa. Ku Linxian, boma la m'chigawo cha Henan ku China lomwe lili m'gulu la madera ovutika kwambiri ndi khansayi, gulu la National Cancer Institute ya ku America ndi anzawo a ku China linatenga zotupa 272 mosamala kwambiri kuti pasalowe DNA yachilendo. Zotsatira zinatuluka mu 2010: zitatu zokha zinaonetsa HPV, mofooka, ndipo panalibe chizindikiro choti vayirasiyo ikugwira ntchito. Mu 2012 kafukufuku wotchedwa InterSCOPE anayeza magazi a odwala oposa 1,500 ndi anthu abwinobwino pafupifupi 2,500 a ku South Africa, Australia, Brazil, Iran, China ndi kum'mawa kwa Ulaya. Umboni unali wochepa, ndipo atatsatira zotupa za odwala omwe magazi awo ankakayikitsa, pafupifupi zonse zinalibe zizindikiro za HPV yogwira ntchito. Mu 2017 ntchito yayikulu yowerenga majini a khansa ku America, The Cancer Genome Atlas, inayeza zotupa za kummero 164 osapeza umboni woti HPV ndiyo gwero.

Kwathu kuno nakonso kwayezedwa. Mu 2016 kunatuluka zotsatira za zotupa 59 za odwala a ku Lilongwe zomwe majini ake anawerengedwa mozama, ndipo HPV sinapezeke. Kafukufuku wina wa odwala a ku Zomba, wa mu 2018, anapeza DNA ya HPV 16 m'gawo lochepa la zotupa, zomwe zikuonetsa kuti mkangano wa PCR unafika ngakhale kuno. Ku Lusaka, Violet Kayamba ndi anzake anayerekeza odwala ndi anthu opanda khansa, ndipo mu 2015 analemba kuti HPV sinali pakati pa ziopsezo. Zomwe zinaonekera ndi HIV komanso utsi wa m'nyumba.

Umboni womwe ine ndimauona wolemera kuposa onse uli pa jini yopanga p53. HPV ikamayambitsa khansa, jini imeneyi nthawi zambiri imakhala yosawonongeka, chifukwa vayirasi ikuphwanya kale puloteni yake ndiye palibe chifukwa choti jini isweke. Khansa ya kummero ya mtundu wa squamous ndi yosiyana kotheratu: pa zotupa khumi, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimakhala ndi jini ya p53 yosweka. Mlonda waphedwa ndi chinthu china, si E6. Mapu nawonso sagwirizana ndi mlanduwu. Kumadzulo kwa Africa HPV ndi khansa ya khomo la chiberekero n'zochuluka, koma khansa ya kummero ndi yosowa. Ku Iran khansa ya khomo la chiberekero ndi yochepa, koma chigawo cha Golestan chili ndi khansa ya kummero yoopsa. Ku America ndi kumadzulo kwa Ulaya khansa ya ma tonsil yoyamba ndi HPV yakwera m'zaka makumi angapo zapitazi, pomwe ya kummero ya squamous yakhala ikutsika. N'chifukwa chake IARC, yomwe imavomereza kuti HPV 16 imayambitsa khansa pakhomo la chiberekero, kumaliseche, kotulukira chimbudzi, m'kamwa ndi pa ma tonsil, siinaike njira ya chakudya pa mndandandawo.

Otsutsa ali ndi yankho limodzi lomwe sitingalinyoze. Amati vayirasi ingathe kuyatsa moto n'kuthawa. Ng'ombe za ku Scotland zija zimaonetsa zimenezi: Saveria Campo ndi anzake anapeza kuti BPV-4 ili m'njerewere, koma m'khansa yophuka pa njerewerezo mulibe. Mwina mwa anthu n'chimodzimodzi. Pali chinanso chopatsa chidwi. Mu 2021 ntchito yotchedwa Mutographs inawerenga majini onse a zotupa 552 zochokera m'mayiko asanu ndi atatu, kuphatikiza Malawi, Kenya, Tanzania, Iran ndi China, pofuna kuona ngati zotupa za m'madera ovutika zili ndi zipsera zapadera zoloza poizoni winawake, monga momwe fodya amasiyira chipsera chake m'khansa ya m'mapapo. Sanapeze chipsera chosiyanitsa madera. Koma pafupifupi zotupa zonse zinali ndi zipsera za APOBEC, gulu la mapuloteni omwe ntchito yawo ina ndi kulimbana ndi mavayirasi, ndipo akalusa amawononga DNA ya mwini thupi. Ena amati amenewa ndi mapazi a vayirasi yomwe inadutsa. N'zotheka. Koma APOBEC imalusanso m'khansa ya m'mawere ndi ya chikhodzodzo, momwe mulibe vayirasi yodziwika, ndipo kutupa kwa nthawi yayitali kumatha kuidzutsa. Vuto la ganizo la "kuyatsa n'kuthawa" ndi lakuti silingagonje: vayirasi ikapezeka akuti umboni, ikasowa akuti inathawa. Ganizo lotere limafuna umboni wa mtundu wina, monga kutsatira anthu ambiri kwa zaka asanadwale.

Mavayirasi ena sanafike patali. Epstein-Barr imayambitsa khansa ya kuseri kwa mphuno ndi gawo lochepa la khansa ya m'chifu, koma ikapezeka m'chotupa cha kummero kawirikawiri imakhala m'maselo oyera a magazi omwe abwera pamalopo, osati m'maselo a khansa. Pa mtundu wachiwiri wa khansa ya kummero, adenocarcinoma, womwe ndi wofala mwa amuna achizungu ku Britain, America ndi Australia ndipo umayenderana ndi kunenepa komanso asidi wobwerera kuchokera m'chifu, gulu la Shan Rajendra ku Sydney linalemba mu 2013 kuti likupeza HPV m'zotupa zina. Magulu ena sanapeze zofanana.

HIV ili payokha. Siisandutsa selo kukhala khansa, imagwetsa chitetezo n'kutsegulira njira mavayirasi ena. N'chifukwa chake Edzi itafika m'zaka za m'ma 1980, Kaposi sarcoma inachuluka modabwitsa. Khansa ya kummero sinadumphe motero, ndipo inalipo yambiri kale HIV isanadziwike: R.J.W. Burrell analemba za kuchuluka kwake ku Transkei, dera la ku Eastern Cape, mu 1957, ndipo Neil McGlashan anajambula mapu ake ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia mu 1969. Ikanakhala khansa ya vayirasi ngati Kaposi, mliri wa Edzi ukanaiwulula. Komabe zotsatira za ku Lusaka zija zikuonetsa kuti HIV ingakweze chiopsezo, mwina kudzera m'kutupa kosatha. Ku chipatala HIV imasokonezanso mwa njira ina. Munthu wofooka chitetezo amachita zilonda zoyera za fangasi kummero, kapena zilonda za mavayirasi a herpes ndi CMV, ndipo zonsezi zimavutitsa kumeza. Wodwala wa ma ARV akadandaula kuti chakudya chikukanirira, chapafupi ndi kumupatsa fluconazole. Nthawi zambiri n'zolondola. Koma akamaliza mankhwala vuto likadalipo, thupi likutha, kumuwonjezera mapiritsi omwewo ndi kutaya masabata. Ameneyo akufunika kamera.

Nanga gwero lenileni n'chiyani? Zomwe zatsala pa bwalo ndi zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo palibe chimodzi chonyamula mlandu wonse. Fodya ndi mowa n'zotsimikizika pa dziko lonse, makamaka zikaphatikizana. McGlashan uja ankakayikira kachasu. Kafukufuku wa IARC wotchedwa ESCCAPE, wochitikira ku Eldoret ku Kenya, Moshi ku Tanzania ndi Blantyre, wapeza kuti mowa uli ndi gawo lalikulu makamaka mwa amuna. Koma m'mawodi muli amayi ambiri omwe sanasutepo kapena kulawa mowa. Iwowa akhala zaka makumi atatu kapena anayi m'khitchini yopanda zenera, denga lakuda ndi mwaye, akupuma ndi kumeza utsi wa nkhuni womwe uli ndi mankhwala ofanana ndi a mu utsi wa fodya.

Kutentha ndi china. Mu 2016 IARC inaika zakumwa zotentha kuposa madigiri 65 m'gulu la zinthu zomwe mwina zimayambitsa khansa. Ku Golestan anatsatira anthu pafupifupi 50,000, atayeza tiyi wawo ndi chida choyezera kutentha, ndipo omwa tiyi wambiri wa madigiri 60 kapena kuposa anadwala pafupifupi kawiri kuposa anzawo. Kumpoto kwa Tanzania tiyi wamkaka anapezeka akumwedwa ali pafupifupi madigiri 70. Ife timatama tiyi wowotcha milomo ndi phala lochoka pamoto pomwepo, ndipo mlendo ukam'patsa zofunda chabe amati sunamulandire bwino. Khungu lopsa pang'ono tsiku lililonse limakakamizika kumera mwatsopano nthawi zonse, ndipo kupsa kotere sikusiya chipsera chapadera m'majini. Izi zikugwirizana ndi zomwe Mutographs inapeza.

Palinso za m'nthaka ndi m'nkhokwe. Allan Chilimba ndi anzake anaonetsa mu 2011 kuti chimanga cha m'madera ambiri a Malawi chili ndi selenium wochepa kwambiri, kupatula madera ena monga chigwa cha Shire, ndipo kuperewera kwa mchere umenewu kunaonekanso ku Linxian. Chimanga cha chuku chimakhala ndi poizoni wa fumonisin, yemwe anadziwika ku South Africa mu 1988 ndi ofufuza omwe ankasakasaka gwero la khansa ya ku Transkei, ngakhale umboni wake mwa anthu sunakhwime. Kuguluka kwa mano ndi kusatsuka m'kamwa kumaonekera mobwerezabwereza ku Iran, China ndi Kenya, ndipo apa ngati pali tizirombo tokayikitsa, ndi mabakiteriya a m'nkhama osati mavayirasi.

Katemera wa HPV, yemwe boma la Malawi linayamba kupereka m'dziko lonse mu Januwale 2019 kwa atsikana a zaka 9, ndipo Zambia inayambanso chaka chomwecho, ali ndi chifukwa chake chokwanira: khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi athu kuposa khansa ina iliyonse. Kum'gulitsa ngati woteteza kummero kungakhale kulonjeza zomwe umboni sukuvomereza. Komabe katemerayu adzakhala muyeso waukulu womwe palibe labotale ikanaukwanitsa. Ngati HPV ili ndi gawo lobisika, loyatsa n'kuthawa, amayi obayidwa adzadwala khansa ya kummero mocheperapo kuyerekeza ndi amuna a msinkhu wawo komanso amayi omwe katemera anawaphonya. Kuti zimenezi zioneke pafunika kaundula wa khansa wolemba bwino wodwala aliyense, komanso kudikira, poti matendawa amakonda kugwira anthu opitirira zaka 50. Atsikana a mu 2019 aja adzafika msinkhu umenewo mu 2060.